Khothi lagamula kuti mwalephera ngongole: kodi chigamulocho chingafafanizidwe?

Ku Nyanga, monganso ku Gugulethu, Crossroads ndi Philippi mumzinda wa Cape Town, kuli Amalawi amene adafika pokhala ndi shopu yawo, minibasi kapena kampani yaing'ono ya zomangamanga. Bizinesi ikamakula ngongole nazo zimakula, ndipo zinthu zikavuta ena amalandira chikalata cha Khothi Lalikulu chonena kuti chuma chawo chonse chachoka m'manja mwawo. Mayankho ali m'munsiwa akutsata malamulo a dziko la South Africa.

Kodi chigamulo cha sequestration n'chiyani kwenikweni?

Ndi chigamulo cha Khothi Lalikulu chonena kuti munthu walephera kubweza ngongole zake, choncho chuma chake chigulitsidwe ndipo ndalama zake zigawidwe kwa onse amene akumufuna ngongole. Chimaperekedwa motsata lamulo la Insolvency Act la chaka cha 1936, lomwe likugwirabe ntchito mpaka lero. Chumacho chimayamba chakhala m'manja mwa mkulu wa boma wotchedwa Master of the High Court, kenaka chimapita kwa trustee, munthu wosankhidwa kuti achisonkhanitse, achigulitse ndi kugawa ndalamazo.

Kusitolo andikaniza kutenga katundu pa ngongole, akuti dzina langa lidaipa. Ndiye kuti chigamulo chimenechi chidandigwera?

Kawirikawiri ayi. Dzina limaipa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga TransUnion ndi Experian, chifukwa chochedwa kulipira kapena chifukwa cha chigamulo wamba cha ngongole imodzi, ndipo zimenezi sizikulandani chuma chanu chonse. Muli ndi ufulu wolandira lipoti la mbiri yanu kwaulere kamodzi pa chaka ku lililonse la mabungwewa. Yambani mwawerenga lipotilo musanalipire loya aliyense.

Nanga debt review ndi administration order, si zomwezo?

Si zomwezo. Debt review imachokera ku lamulo la National Credit Act la 2005, ndipo mlangizi wa ngongole amakukonzerani kalipiridwe katsopano. Administration order imaperekedwa ndi majisitireti kwa munthu amene ngongole zake zonse sizipitirira R50,000. Pa ziwiri zonsezi chuma chimakhalabe chanu ndipo mumalipira pang'onopang'ono, komanso chilichonse chili ndi njira yakeyake yochithetsera.

Wakatapila wakwathu akundiopseza kuti akandilembetsa kuti ndalephera ngongole. Angathe?

Yekha sangathe, ndipo apolisi, komiti ya m'dera ngakhale majisitireti alibe mphamvu imeneyi. Chigamulo cha sequestration chimaperekedwa ndi Khothi Lalikulu lokha, ndipo kwa munthu wa ku Nyanga limeneli ndi la Western Cape, lomwe lili mu Keerom Street mumzinda wa Cape Town. Dziwaninso kuti wokongoza ndalama za chiwongoladzanja amayenera kulembetsa ku National Credit Regulator, ndipo saloledwa kusunga chiphaso chanu kapena khadi lanu la kubanki ngati chikole.

Ine ndine Mmalawi. Khothi la dziko la eni lingandigamule chonchi?

Inde, unzika sulowapo. Khothi limakhala ndi mphamvu ngati kwanu kokhazikika ndi m'dera lake, ngati muli ndi chuma m'deralo, kapena ngati mumakhalamo kapena kuchitamo bizinesi nthawi ina iliyonse m'miyezi 12 pempho lisanaperekedwe. Dziko la Malawi lili ndi lamulo lakelake la nkhani zotere, la 2016, koma chigamulo cha ku Cape Town sichingafafanizidwe ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Ndani amakapempha chigamulochi, ndipo amayenera kuonetsa chiyani?

Angapemphe mwiniwake wa ngongole, podzipereka yekha, kapena amene akumufuna ndalama. Wofuna ndalamayo amayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti pali ngongole yodziwika kuchuluka kwake yosachepera R100, kuti wokongolayo walepheradi kapena wachita chinthu chimene lamulo limachiwerenga ngati chizindikiro cha kulephera, komanso kuti onse omufuna ngongole apindulapo kanthu. Mfundo yachitatuyi ndi imene imachititsa kuti munthu wopanda chuma chilichonse asagamulidwe chonchi kawirikawiri. Amene zimawagwera ndi eni nyumba, eni magalimoto a bizinesi ndi amene adasainira ngongole ya kampani kuti adzabweza okha ikadzalephera.

Zizindikiro za kulepherazo ndi ziti?

Zalembedwa m'gawo 8 la lamuloli. Zina mwa izo ndi kutuluka m'dziko kapena kuchoka panyumba ndi cholinga chozemba ngongole, sheriff, wolanda katundu m'malo mwa khothi, kubwera ndi chigamulo n'kupeza kuti mulibe katundu wokwanira, ndiponso kulembera wokongoza kuti simungathe kulipira. Chomalizachi chimakola anthu oona mtima ambiri, choncho musalembe kalata yotere musanafunse malangizo. Kupempha debt review pakokha sikuwerengedwa ngati chizindikiro.

Chikalata changa chalembedwa kuti provisional. Zatha kale?

Sizinathe. Pempho likachokera kwa wokufunani ndalama, khothi limagamula kawiri: koyamba limapereka chigamulo chongoyembekezera n'kuika tsiku loti mudzafotokoze chifukwa chake chisakhazikitsidwe, ndipo kachiwiri limachikhazikitsa kapena kuchithetsa. Komabe chuma chanu chimachoka m'manja mwanu kuyambira pa chigamulo choyambacho. Pa nkhani yonseyi nthawi yabwino koposa yolimbana nayo ndi imeneyi, chifukwa wopemphayo ndiye akadali ndi udindo wokhutiritsa khothi.

Ndichite chiyani tsikulo lisanafike?

Pezani loya kuti akulembereni chikalata cholumbirira chotsutsa pempholo, pamodzi ndi umboni wake: malisiti, masitetimenti a kubanki, mapepala osonyeza mtengo wa chuma chanu. Ngati bizinesi ikuonongeka chifukwa chodikira, gawo 11 limakulolani kupempha kuti nkhaniyo imvedwe tsikulo lisanakwane, bola wopemphayo mumudziwitse maola 24 zisanachitike. Pa chigamulo chongoyembekezera palibe apilo.

Chigamulo chidakhazikitsidwa kale. Chingafafanizidwebe?

Chingathe, ngakhale kuti sizichitika wambawamba. Gawo 149(2) la Insolvency Act limapatsa khothi mphamvu yofafaniza kapena kusintha chigamulo chilichonse chimene lidapereka pansi pa lamuloli. Mumapempha ku khothi lomwelo limene lidagamula, ndipo kuvomera kapena kukana kuli m'manja mwa woweruza akaona mbali zonse.

Woweruza amayang'ana zifukwa zotani?

Zili m'magulu awiri, monga lidalongosolera Khothi Lalikulu la ku Johannesburg pa mlandu wa Storti v Nugent, womwe udasindikizidwa m'mabuku a milandu a 2001. Gulu loyamba ndi pamene chigamulocho sichinayenere kuperekedwa n'komwe, mwachitsanzo ngati ngongoleyo inali italipidwa kale kapena khothi lidanamizidwa. Gulu lachiwiri ndi pamene pachitika zinthu zatsopano chigamulo chitaperekedwa. Khothi limafuna zifukwa zapadera, ndipo silivomera kuti gawoli likhale njira yongobwerezera mlandu umene mudagonja.

Ine mapepala sindidawaone. Ndinali kumudzi ku maliro. Chimenechi si chifukwa chokwanira?

Chingakhale chifukwa champhamvu. Lamulo 42 la kayendetsedwe ka Khothi Lalikulu limalola kufafaniza chigamulo chimene chidapemphedwa kapena kuperekedwa molakwika munthu wokhudzidwayo palibe, monga ngati mapepala adasiyidwa pa adiresi imene simunakhalepo. Izi zimachitika mosavuta kwa anthu ochita lendi kuseri kwa nyumba za ena, amene amasamuka pafupipafupi. Sungani pasipoti yanu bwino, chifukwa zidindo za ku Beitbridge ndi ku Mwanza kapena Dedza zimaonetsa masiku amene munali kunja.

Ndiye kuti aliyense amene anali kunja kwa dziko amapambana?

Ayi. Ngati munthu wasowa kunyumba ndi kubizinesi kwake masiku 21, khothi lingalamule kuti n'kokwanira kumata chikalatacho pakhomo la khothi ndi kuchisindikiza mu Government Gazette, nyuzipepala ya boma. Zikatero mapepala amatengedwa kuti adaperekedwa moyenera ngakhale simudawaone. Pamenepo muyenera kuonetsa zinthu ziwiri pamodzi: chifukwa chomveka chimene simunabwerere kukhothi, ndi yankho lenileni pa ngongoleyo lomwe likadatha kusintha chigamulo.

Yankho lenileni ndiye lotani?

Ndi lokhudza mfundo zitatu zija zimene wopempha amayenera kuonetsa. Mungaonetse kuti ngongoleyo mumaitsutsa pa zifukwa zomveka, kuti chuma chanu chinali choposa ngongole zanu, kapena kuti ulendo wa kumudzi sunali wozemba aliyense. Kunena kuti zinthu zinali zovuta, ngakhale n'zoona, si yankho pa mfundo zimenezi.

Ngongole zonse zalipidwa tsopano. Khothi lifafaniza basi?

Musaganize choncho. Kulipira kumathandiza kwambiri, koma lamulo lidakonza kale njira ya munthu wotere, yotchedwa rehabilitation, ndipo makhothi safulumira kufafaniza chigamulo chimene chidaperekedwa moyenera pamene njira inayo ilipo. Woweruza amafunanso kuona kuti malipiro a trustee ndi ndalama zoyendetsera nkhaniyi zalipidwa kapena zasungidwa.

Kufafaniza ndi rehabilitation zikusiyana pati?

Kufafaniza kumachotsa chigamulocho n'kukubwezerani pamene mudali: chuma chotsala chimabwerera kwa inu, koma ngongole zosalipidwa zimabwereranso. Rehabilitation imavomereza kuti chigamulocho chinali choyenera, n'kuchithetsa kuyambira tsikulo kupita m'tsogolo. Imakumasulani ku ngongole za m'mbuyo, kupatula zobwera chifukwa cha chinyengo chanu, koma katundu wogulitsidwa sabwerera. Munthu amene ngongole zake zimaposadi chuma chake aganize kawiri asanapemphe kufafaniza, chifukwa akapambana okongoza onse amayambiranso kumulondola.

Nanga apilo?

Apilo ndi ya munthu amene adalipo kukhothi, adatsutsa, ndipo akuona kuti woweruza adalakwitsa pa lamulo kapena pa umboni. Gawo 150 limalola apilo pa chigamulo chokhazikika, koma mumayamba mwapempha chilolezo pasanathe masiku 15 ogwira ntchito a khothi. Apiloyo imamvedwa ndi oweruza atatu a khothi lomwelo kapena ndi Supreme Court of Appeal ku Bloemfontein.

Nkhani ili m'khothi choncho, trustee angagulitse nyumba yanga?

Pa apilo sangagulitse chuma popanda chilolezo chanu cholembedwa, ngakhale kuti ntchito zake zina zimapitirira. Pempho lofafaniza silimuimitsa palokha. Ngati kugulitsa kwayandikira, loya wanu apemphe trustee kuti alembe kuti adikira, ndipo akakana apemphe khothi mwachangu kuti liimitse malondawo.

Ndili ndi nthawi yaitali bwanji yopempha kufafaniza?

Gawo 149(2) silitchula masiku, koma khothi limayembekeza kuti mupemphe msanga mukangodziwa za chigamulocho, ndipo kuchedwa kulikonse muyenera kukufotokoza. Katundu akagulitsidwa n'kugawidwa, woweruza amavutika kubweza zinthu m'mbuyo chifukwa ogula ndi okongoza ena alowapo kale. Kudikira kuti ndalama za loya zikwane bwinobwino kwagwetsa milandu imene ikadatha kupambana.

Pempholo limayenda bwanji?

Limayenda pa mapepala. Loya amalemba chidziwitso cha zimene mukupempha ndi chikalata cholumbirira chofotokoza nkhani yonse, ndipo mumachisainira pamaso pa wolumbiritsa anthu, monga wapolisi kapena loya wina. Otsutsa amayankha polemba, inu n'kuyankhanso, kenaka maloya amakatsutsana pamaso pa woweruza. Zikalatazi zimalembedwa m'Chingerezi, choncho musasaine musanamve chiganizo chilichonse, chifukwa kunama polumbira ndi mlandu.

Ndani ayenera kudziwitsidwa?

Amene adapempha chigamulocho, trustee, ofesi ya Master ndi onse okufunani ngongole. Chifukwa chake n'chakuti sequestration imakhudza onsewa, osati inu ndi munthu mmodzi yekha. Ngakhale wopempha uja atavomera kuti zithe, mgwirizano wa awirinu suchotsa chigamulo cha khothi.

Ndili ndi nyumba ku Mangochi ndi ng'ombe kumudzi. Ndiyenera kuzitchula?

Tchulani zonse. Kubisa chuma kwa trustee ndi mlandu pansi pa lamulo lomweli, ndipo woweruza akazindikira kuti mwabisa kanthu sakhulupiriranso zina zonse zimene mwalemba. Trustee sangangofika ku Malawi n'kugulitsa nyumba, amayenera kuyamba wavomerezedwa ndi khothi la kumeneko, koma zimenezi sizikuchotserani udindo woulula. Nthawi zina chuma chakumudzicho ndi chimene chimaonetsa kuti simunalephere.

Achimwene akufuna kundilipirira ngongole. N'zololedwa?

N'zololedwa ngati ndalamazo ndi zawo, ndipo ndi bwino zidzere kwa trustee kapena kwa loya kuti pakhale umboni. Inuyo musatenge ndalama za chuma chomwe chili m'manja mwa trustee kukalipira wokongoza mmodzi mwamseri. Lamulo limafuna kuti onse alipidwe motsata ndondomeko yake.

Akazi anga, kapena amuna anga, zikuwakhudza bwanji?

Ngati ukwati wanu ndi wa chuma chophatikiza, chigamulo chimagwera nonse awiri. Ngati chuma n'chosiyana, gawo 21 limaikabe katundu wa mnzanuyo m'manja mwa trustee kufikira ataonetsa kuti ndi wakewake, ndipo Khothi la Malamulo Aakulu a dziko lidavomereza gawoli pa mlandu wa Harksen v Lane mu 1997. Gawoli limakhudzanso mwamuna ndi mkazi okhalira limodzi ngati banja popanda ukwati wolembetsa. Amene adakwatirana ku Malawi auze loya zimenezi, chifukwa lamulo lolamulira chuma chawo lingakhale la kumudzi.

Podikira ndingagwire ntchito kapena kuyendetsa shopu?

Ntchito ya malipiro mungagwire, ndipo malipirowo ndi anu, kupatula gawo limene Master waona kuti likuposa zofunika pa banja lanu. Bizinesi yogulitsa katundu wosiyanasiyana, monga spaza, kapena yopanga zinthu, imafuna chilolezo cholembedwa cha trustee, ngakhale mutangolembedwamo ntchito. Simungakhale dayirekitala wa kampani popanda chilolezo cha khothi, malinga ndi Companies Act ya 2008. Zovala ndi zofunda salanda, ndipo ndalama za penshoni n'zotetezedwa.

Khothi likafafaniza, chimatsatira n'chiyani?

Kalaliki wamkulu wa khothi amatumiza chigamulo chatsopanocho kwa Master, kwa sheriff ndi ku ofesi yolembetsa malo ndi nyumba, kuti chiletso chimene chidaikidwa pa dzina lanu chichotsedwe. Inunso tengani makope odindidwa mukapereke kubanki ndi ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Mukadandaula za mbiri yolakwika, bungwelo lili ndi masiku 20 ogwira ntchito oti lifufuze, ndipo likapanda kukonza mungapite ku National Credit Regulator.

Wopemphayo adachita dala kuti andigwetse. Ndingalandire chipepeso?

Gawo 15 limalola khothi kupereka chipepeso ngati lakhutira kuti pempholo lidali lanjiru kapena longogwiritsa ntchito khothi molakwika. Muyenera kuonetsa zimene mwataya, monga makasitomala kapena kontirakiti. Kungogonja kwa wopemphayo sikusonyeza njiru.

Ngati kufafaniza sikungatheke, rehabilitation ndingaipemphe liti?

Zimadalira mmene nkhani yayendera. Ngati ngongole zonse, chiwongoladzanja ndi zolipira zina zakwanira, mungapemphe Master akangovomereza ndondomeko yogawa ndalama, ndipo ngati palibe amene wabweretsa umboni wa ngongole yake mungapemphe pakatha miyezi 6, bola ikhale nthawi yanu yoyamba ndipo musanapezeke wolakwa pa chinyengo. Njira ya ambiri ndi kudikira miyezi 12 kuchokera pamene Master wavomereza lipoti loyamba la trustee, koma zaka 4 zisanathe pamafunika kuti Master avomereze pempholo. Munthu amene sanapemphe chilichonse amamasuka yekha pakatha zaka 10, pokhapokha khothi litalamula zina.

Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo amene agamulidwa ndi abwana anga. Zikundikhudza?

Zikukukhudzani, ndipo Amalawi ambiri ku Cape Town ali pa ntchito zotere. Lamulo limati antchito a munthu ayenera kupatsidwa kope la pempho la sequestration, ndipo mu 2014, pa mlandu wa Stratford v Investec Bank, Khothi la Malamulo Aakulu lidagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso akuwerengedwa. Ngati muli ndi malipiro otsalira, kalembetseni kwa trustee ngati ngongole, chifukwa gawo lina la malipiro a antchito limalipidwa patsogolo pa ngongole wamba.

Ndilibe ndalama za loya. Ndiyambire pati?

Milandu ya ku Khothi Lalikulu ndi yodula, ndipo wogonja nthawi zambiri amalipiranso gawo la ndalama za mnzake, choncho funsani malangizo musanayambe. Legal Aid South Africa imayankha kwaulere pa 0800 110 110, ngakhale kuti imayang'ana zimene mumapeza ndipo si milandu yonse imene imatenga. Palinso maofesi othandiza anthu pa zamalamulo ku University of the Western Cape ndi ku University of Cape Town, komanso Scalabrini Centre yomwe imathandiza obwera kuchokera kumaiko ena. Pewani anthu olonjeza kuyeretsa dzina lanu m'masiku ochepa, chifukwa chigamulo cha khothi chimachotsedwa ndi khothi lokha. Popita kulikonse tengani chikalata cha khothi chokhala ndi nambala ya mlandu, pasipoti, mndandanda wa ngongole zanu zonse ndi malisiti, ndipo pitani sabata yomweyo imene mwamva za chigamulocho.